Chisamani Chimene Anandisungira

Lolemba

Alendo madzulo, osaimba foni. Mayi Nachisale ndi amayi ena awiri a kutchalitchi, zitenje pamwamba pa madiresi, nkhope zakugwa. Anthu akafika chonchi pakhomo umayamba kuwerenga abale akumudzi mumtima. Ndayambira pa amayi anga.

Akana mipando, akhala pakapeti. Pemphero kaye. Kenaka mwaswera bwanji, mwana waswera bwanji, bambo a Tadala aswera bwanji, mayeso anayenda bwanji. Tadala akusuzumira pachitseko, akufunsa m'Chingerezi chake cha m'mphunocho ngati kwafa munthu.

Sikunafe munthu. Mayi Nachisale akutulutsa envulopu m'Baibulo. Chizindikiro cha boma pakona, mawu akuti khoti. "Mwanangu, limba mtima. Inabwera kale. Tinaona kuti uli pa mayeso, sitikanakusokoneza mutu."

Kale lake liti? "Mwezi wathawu, kuchiyambi."

Adiresi yanga ku kaundula wa mavoti ikadali ya kwa Mayi Nachisale ku Mirrabooka, kuno ku Perth. Tonse amene tinafikira m'nyumba mwawo timatero. Ife a lendi timangosamukasamuka, iwo nyumba ndi yawo. Bokosi lawo la makalata likusunga Amalawi theka la Perth.

Sanatsegule, poti ulemu. Anangoika pa Masalimo, ndipo amayi a pemphero akhala akusala kudya chifukwa cha ine, mwiniwakene osadziwa. N'chifukwa chake masabata onsewa aliyense kutchalitchi amandigwira dzanja osafuna kulisiya. Ine ndimati akusirira diresi.

Ndatsegula. Sindinabe, sindinaphe. Ndi chisamani cha juri: anthu wamba amene boma limatola m'kaundula kuti akakhale m'khoti, amvere mlandu wa munthu wina, anene ngati walakwa. Chaka chatha ndinavina nditalandira unzika wa dziko lino. Palibe anandiuza kuti umabwera ndi katundu wake.

Tsiku: Lolemba likubwerali.

Lolemba likubwerali ndi tsiku loyamba la pulakitiko yanga yomaliza ya unamwino, kuwodi. Wosafika tsiku loyamba sayamba n'komwe. Wosakwanitsa maola ake samaliza sukulu chaka chino. Wosamaliza chaka chino, ntchito imene chipatala chandilonjeza mu Febuluwale ipita kwa wina. Wosapita kukhoti, chindapusa ndi dzina loipa.

Amayi akuimba nyimbo yothokoza kuti si ndende. Ndaimba nawo. Ndawaphikira tiyi, ndatsegula mabisiketi amene ndimabisa.

Pulani:
1. Mawa kuimbira akhoti. Kuseri kwa pepala alemba kuti munthu atha kupempha kuti amusunthire tsiku.
2. Kutenga chilichonse chimene angafune.
3. Kusawakwiyira Mayi Nachisale.

Yachitatuyo ndayamba kale kulephera.

Lachiwiri

Foni ya kukhoti. Nyimbo ya piyano mpaka tiyi wazizira. Ndazindikira kuti ndikudikira nditaimirira, nditavala nsapato, m'nyumba mwanga momwe. Kwathu khoti siliitana munthu kuti akacheze.

Wayankha bambo wa mawu aulesi, ngati akutafuna sangweji. Akuti n'zotheka, koma kamodzi kokha. Zofunika: ndilembe chifukwa changa papepala lolumbirira, munthu wovomerezeka asaine ngati mboni, ndiphatikize umboni wochokera kusukulu. Zifike sabata isanathe.

Umboni wochokera kusukulu. Sindinafunse zambiri, ndikudziwa tanthauzo lake: kalata, dzina la sukulu pamwamba, siginecha ya wamkulu, chidindo. Ndinagwira unamwino zaka khumi ndi ziwiri ku Ntcheu ndisanabwere kuno kudzauzidwa kuti ndiyambirenso. Za mapepala palibe angandiphunzitse.

Imelo kwa mayi woyang'anira mapulakitiko. Yanditengera m'mawa wonse. Munthu wamkulu sumufikira ngati ukugula tomato. Ndayamba ndi moni. Ndathokoza chifukwa cha zaka zitatu zimene andisunga. Ndapepesa powavutitsa. Ndafotokoza kuti boma landiitana Lolemba, kuti lamulo ndi lamulo, ndipo ine ndine munthu womvera. Ndanena kuti ndikudziwa ali ndi ophunzira ambiri ofunika kuposa ine. Ndapepesanso. Ndatseka ndi kunena kuti ndili m'manja mwawo, achite mmene angaonere. Munthu wanzeru akawerenga adziwa yekha kuti apa pakufunika kalata. Kumuuza chochita n'kumuyesa mwana.

Yokongola. Ndawawerengera bambo a Tadala pafoni, ali pa nthawi yopuma kuntchito ku Welshpool, mafolokolifiti akulira kumbuyo. Akuti, "Imeneyo ngakhale a DC akanagwetsa misozi."

Bambo amenewa. Zaka zitatu akunyamula mabokosi Lolemba mpaka Loweruka, maovataimu onse amene ena akana, kuti ine ndichepetse masiku ogwira ntchito kunyumba ya okalamba n'kumawerenga. Bondo lawo lamanzere limatupa ngati papaya. Pangano lathu ndi lakuti chaka chino n'chomaliza. Anauza kale kapitawo wawo kuti ikatha Disembala, Loweruka asawawerengere.

Yankho la kusukulu: la makina. Alandira, ayankha posachedwa.

Shifiti ya masana kwa okalamba. Gogo wina wandilavulira phala pachifuwa. Ndamupukuta pakamwa, ndadzipukuta ndekha. Mumtima: lavulani, agogo, nthawi yanu ndi ine yatsala pang'ono.

Lachitatu

Kusukulu zii.

Pepala lolumbirira ndalemba. Mboni itha kukhala namwino amene ali m'kaundula wa boma. Amene ndikumudziwa bwino ndi mmodzi: Mayi Nachisale. Kupita kwa wina iwo ali moyo, angamve, ndipo angadwale nazo.

Mabasi awiri mpaka Mirrabooka, galimoto ili ndi bambo a Tadala. Mphepo yotentha kuyambira m'mawa. Ntchentche za kuno sizifuna chakudya, zimafuna m'maso mwa munthu.

Sungangofika n'kutulutsa pepala. Ndadya mandasi. Ndaona zithunzi za mdzukulu, zonse, ngakhale zosaoneka bwino. Ndamva za shuga wawo, za mwana wa uje amene akukhala ndi mzungu osakwatirana. Kenaka pepala.

Avala magalasi. Akuwerenga ndi chala. Chala chaima pa mzere umene ndalemba kuti ndachedwa kupempha chifukwa kalata inasungidwa kunyumba ina. Dzina sindinatchule.

"Nyumba ina? Nyumba yanga lero yasanduka nyumba ina?"

"Unafika kuno mu Julaye ndi chikwama chimodzi, wopanda jekete." Zoona. "Ndinakugoneka pabedi la mwana wanga, iye n'kugona pansi." Zoonanso. "Ndiye lero ukandilembe kukhoti?"

Akuti ndifufute, ndilembe kuti positi inachedwa. Ndikuti, Mayi, limeneli ndi lumbiro, bodza pamenepa ndi mlandu weniweni, nthawi ino wanga. Akuti Chizungu chandilowa m'mafupa.

Sanasaine. Wogwada kupepesa ndi ine. Andipatsa jumbo ya nkhwani wa kuseri kwa nyumba kuti ndisapite chimanjamanja, nkhope atayang'ana kukhoma.

Mkwiyo wandipeza m'basi, mochedwa monga mwa masiku onse. Zimene ndikanawauza:
- kalata ya munthu si khanda loti mulifungatire
- mwezi wathunthu wosala kudya koma thupi silikuonetsa
- mwana wawo anagona pansi masabata awiri okha, ine ndakhala ndikulipira zaka zisanu ndi zinayi

Ndauza nkhwani. Madzulo tauphika, ndipo unali wokoma, zimene zandikwiyitsanso.

Lachinayi

Kusukulu zii. Ndayang'ana foni mpaka yatentha.

Kufamase ya pakona. Wamankhwala nayenso amaloledwa kukhala mboni. Wayang'ana laisensi yanga, wayang'ana nkhope, ndasaina, wasaina. Sanandifunse ngakhale kuti ndadzuka bwanji. Ndatuluka ndikumva ngati andinyoza. Ndili panja m'pamene ndazindikira kuti zatheka.

Mzere wa nyumba ina ndinauchotsa ndekha ndisanapite. Sindinaname, ndangokhala chete. Kunena zoona, palibe anandifunsa chifukwa chochedwera.

Ndaimbiranso kukhoti kupepesa kuti kalata ya kusukulu sinafike. Bambo wa sangweji yemwe uja. "Kalata yanji?" Akuti ndandanda wa masiku a pulakitiko, umene uli ndi dzina langa, ndi wokwanira. Ndiujambule ndi foni, nditumize.

Wopanda chidindo? Wopanda chidindo. Wopanda siginecha ya wamkulu? Akuseka, koma mosanyoza.

Ndandanda umenewo uli pachitseko cha firiji kuyambira Ogasiti. Ndimauona nthawi iliyonse ndikafuna mkaka.

Ndatumiza. Dzuwa lisanalowe, yankho: asuntha, ndidzapite mu Januwale. Basi! Khoti limene amayi analisalira kudya mwezi wathunthu latha ngati kugula machesi.

Ndavina m'khitchini, ndekha, msana ukudandaula. Ndasita mayunifomu onse awiri. Ndatsuka nsapato za kuwodi. Ndalemba dzina pa bokosi la chakudya, poti kuwodi anthu amadyerana.

Bambo a Tadala afika akutsimphina, ndawauza asanatseke chitseko cha galimoto. Akuti, "Linda madzi apite ndiye uziti ndadala." Ndawauza kuti asanditengere miyambi m'nyumba tsiku lachisangalalo. Aseka, abwerera kukagula nkhuku yootcha.

Kusukulu sindilembanso. Kukumbutsa munthu wamkulu kawiri n'kumuyesa gonthi. Kalata ikabwera ndingothokoza n'kuisunga.

Lachisanu

Sukulu yayankha.

Moni wansangala. Akuti akunyadira kuti ndikukatumikira dziko. Akuti sukulu imalemekeza ntchito ya juri, ndipo wophunzira sayenera kuvutika nayo mtima. Choncho andichotsa pa pulakitiko ya Lolemba, popanda chilango chilichonse. Malo ena apezeka mu Malichi. Andifunira zabwino zonse kukhoti.

Ndawerenga nditaimirira. Ndawerenganso nditakhala pansi. Mawu ake sanasinthe.

Foni yawo: makina. Basi, sitima, kenaka liwiro, mzimayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi, chikwama chikumenya m'nthiti. Ofesi. Mayiyo alipo. Wa imvi, wa maso achifundo, palibe poti umudere. Andipatsa mpando ndi madzi. Atembenuza kompyuta kuti tiwerenge limodzi imelo yanga.

"Ndinaiwerenga katatu. Sindinalandirepo imelo yaulemu chonchi. Koma tandisonyezani pamene mwapempha kalata."

Ndafufuza ndi chala, ngati Mayi Nachisale. Moni alipo. Kuthokoza kulipo. Kupepesa kulipo kawiri. Lamulo ndi lamulo lilipo. Ophunzira ofunika kuposa ine alipo. M'manja mwanu alipo.

Kalata palibe.

"Munati ndichite mmene ndingaonere. Ine ndinaona munthu amene akuopa kundiuza kuti sabwera. Ndinafuna ndikupeputseni."

Ndikuti khoti lasuntha tsiku, Lolemba ndilipo, yunifomu ndasita. Agwira pakamwa. Malo anga anaperekedwa Lachitatu kwa wophunzira wina amene amadikira. Chipatala chalemba kale dzina lake, baji yapangidwa. Lachitatu, ine ndikudya mandasi.

Aimbira chipatalacho ine ndili pomwepo. Aimbira china. Aimbira chachitatu, chakutali, choti ndikanadzuka kusanache. Mawodi onse adzaza ophunzira, ndi kutha kwa chaka. Akuti wina akadwala pofika Lolemba, woyamba kumuimbira ndi ine.

Ndawathokoza. Ndamva pakamwa panga pakuthokoza, mawondo akupinda okha. Ndinatsala pang'ono kupepesa kachitatu.

Mwana wosalira amafera mumbereko, timanena tokha. Ine ndinalira, koma chapansipansi, mwaulemu, kuti ndisamuvutitse wondiberekayo.

Pasiteshoni ndalira zenizeni. Sitima yadutsa, ndaisiya. Mzimayi wina wandipatsa tishu osafunsa kanthu, wakwera yotsatira.

Loweruka

Dzulo sindinawauze bambo a Tadala. Ndinati adye kaye, apume kaye, bondo liphwe kaye. M'mawa uno ndadziona ndekha ndikufunafuna poika nkhaniyi mpaka Lolemba, ndachita mantha. Ndawauza ali ndi nsapato imodzi kuphazi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Malichi." Kenaka, "Nanga ntchito ya Febuluwale?" Ndapukusa mutu. Imafuna munthu amene wamaliza, pepala lili m'manja. Ndidzafunsirenso pamodzi ndi ana a chaka chamawa.

Amanga chingwe cha nsapato nthawi yaitali, amasula, amanganso. Atenga bokosi la chakudya. Apita.

Ndikumva manyazi kuposa chisoni. Khoti linandichitira chifundo. Sukulu inandichitira chifundo. Mayi Nachisale anandichitira chifundo. Munthu mmodzi wankhanza akanapezeka penapake, bwenzi Lolemba ndili kuwodi.

Tsiku lonse foni m'manja, voliyumu mpaka pamapeto. Ndapita nayo kubafa. Ndikudikira kuti mwana wa munthu adwale. Ine, namwino, Mkhristu wa ubatizo. Sindikupempha zazikulu:
- chimfine champhamvu, cha sabata imodzi
- kubinya phazi potsika basi
- nthomba, kwa amene anathawa katemera
- agogo ake amwalire kutali, okalamba kale, m'tulo, mwamtendere

Ndalapa. Ndayang'ananso foni.

Yalira kamodzi. Ndagwetsa mbale. Mayi Nachisale. Akuti andikhululukira. Amva kuti khoti lagonja, poti bambo a Tadala Lachinayi anauza mnzawo mmodzi yekha. Mawa ndikapereke umboni kutchalitchi, andilemba kale papulogalamu, amayi amene anasala kudya akuyenera kumva zipatso zake. Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze.

"Usandithokoze ine, mwanangu. Ine ndi chotengera chabe."

Adula.

Lamulungu

Foni sinalire.

Tchalitchi, muholo ya lendi ku Mirrabooka. Mafani akuzungulira osathandiza munthu. Foni pamiyendo, pansi pa buku la nyimbo.

Nthawi ya maumboni. Asanandiitane, aimirira Mayi Tembo a ku Chipata, atagwira dzanja mwana wawo wamkazi. Mtsikanayu tili naye kalasi imodzi kusukulu. Anadwala pakati pa chaka, pulakitiko yake inamudutsa.

"Abale, uyu mwana enze pa waiting list, tinalema kupemphera. Manje pa Wednesday foni yalila, ati pali malo, ayambe pa Monday. Winangu anazichosapo eka. Nanga si Mulungu uyu?"

Nthungululu. Ng'oma. Mtsikanayo akulira, akuphimba nkhope ndi manja. Ndi mwana wabwino, amandisungira mpando m'kalasi basi ikandichedwetsa, amanditchula anti. Dzulo ndimamupempherera chimfine.

Ndawomba m'manja. Bambo a Tadala sanawombe, akuyang'ana nsapato zawo.

Kenaka ine. Ndalandira maikolofoni. Mayi Nachisale pampando wakutsogolo, maso otseka, dzanja m'mwamba. Ndanena kuti khoti linandiitana, ndipo khoti landimasula. Ndathokoza onse amene anandiganizira. Bodza mulibemo. Ameni wake wagwedeza mawindo.

Potuluka, mtsikana uja wandikumbatira. Akufunsa kuti mawa ndili wodi iti, mwina tikakwera sitima imodzi. Ndamuuza kuti avale nsapato zofewa, tsiku loyamba amaimitsa anthu nthawi yaitali.

Mawa ndilibe khoti, ndilibe chipatala. Ndatumiza uthenga kunyumba ya okalamba kuti ndilipo, mawa ndi masiku onse. Ayankha tisanafike pagalimoto.

M'galimoto mukutentha ngati mu uvuni. Bambo a Tadala sanalize injini. Atulutsa foni, aimbira kapitawo wawo, Lamulungu lomwe lino. Ndikumva akufunsa ngati mashifiti a Loweruka a chaka chamawa anapatsa kale munthu. Dzanja linalo likusisita bondo.

Sanapatse munthu. Palibe amawafuna. Ndi awo.

Athokoza, aika foni m'thumba. Akundifunsa ngati tidutse kogula buledi.

Tidutse.